Gitala ya mawu ambiri yafika ku Angónia, koma idzakonzedwa ndi yani?

Nyengo ya maukwati yafika kumapiri a Angónia. Chimanga chili m'nkhokwe, mbatata ya kachewere yakwera malole kupita ku Tete, ndipo Loweruka lililonse zimkuzamawu zikulira kuyambira ku Ulongué mpaka ku Dómuè. Chaka chino anyamata oimba ali ndi nkhani yatsopano pakamwa: magitala okhala ndi kakompyuta m'mimba, omwe amatsanzira kulira kwa magitala ena ambirimbiri. Oyenda ku Joni ndiwo ayamba kubwera nawo, ambiri mwa magitalawo ogwiritsidwa kale ntchito.

Paukwati wina kunja kwa tauni ya Ulongué tidaiona gitala yotereyi ili m'manja mwa mnyamata wochepa thupi, wovala chijasi chachikulu chifukwa cha mphepo ya Julayi. Bandi yake idaima pansi pa lona, jenereta ikuguguda kuseri kwa khola la ng'ombe. Akwati akulowa, iye adaliza nyimbo yofatsa, gitala ikumveka ngati ya bokosi ya nsambo 12, chonsecho nsambo zake ndi 6 zokha. Perekaniperekani atayamba adapotoza kabatani kakang'ono, ndipo pomwepo padatuluka kulira kowonda, kothamanga, kwa sungura ya ku Zimbabwe. Amayi adamanga zitenje m'chiuno, ndalama za metikali ndi za kwacha zidagwera pamodzi m'lichero. Chakumadzulo adapotozanso, gitala idalira ngati banjo, ndipo agogo ena omwe adakhala chete tsiku lonse adadzuka ndi ndodo yawo kukasuzumira kumbuyo kwa sipika, kufuna kuona yemwe wabisa banjoyo.

Mnyamatayo adatiuza kuti adaigula kwa msuweni wake wogwira ntchito ku Johannesburg, ndipo adalipira ndi ndalama za kachewere wa m'dimba wa chaka chathunthu. Akaisunga amaikulunga m'bulangete kuopa fumbi ndi chinyezi cha nkhungu ya m'mawa, ndipo batire lake amalitchaja pasola ya mnansi. Kale, akuti, ankabwereka magitala awiri ndi kuwamangirira panjinga yamoto. Lero amanyamula imodzi kumsana, ndipo kutchalitchi, kuukwati ndi kumowa amapita nayo yomweyo.

Kagwiridwe kake ka ntchito si matsenga. Pansi pa nsambo iliyonse, pomwe nsambozo zimatsamira, pali kachipangizo komva kunjenjemera. Kakompyuta kamatenga kunjenjemerako n'kukuumba kuti kumveke ngati gitala ina, kapenanso kutsitsa ndi kukweza mawu a nsambo popanda kukunga zikhomo. Yotchuka kwambiri mwa magitala amenewa ndi Variax, yomwe idatulukira ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000.

Pa kukoma kwa mawu ake, oimba a kuno sakutsutsana kwenikweni. Pasipika yong'ambika, pabwalo la fumbi, palibe khutu lomwe lingasiyanitse gitala yeniyeni ndi yotsanzira. Mkangano waukulu uli pa funso limodzi: ikadzafa, adzaidzutsa ndani?

Mkulu wina wokonza mawailesi ndi maampu pafupi ndi msika wa Ulongué safuna n'komwe kuimva. Pathebulo pake pali magitala atatu akale, imodzi mwa iwo yomangidwa ndi waya wa buleki ya njinga m'malo mwa nsambo yoyamba. Iye akuti gitala wamba ili ngati khasu: muli maginito, waya ndi timabatani tiwiri kapena titatu, ndipo chilichonse chikaduka amawotcherera munthu n'kubwerera kukaimba tsiku lomwelo. Koma gitala ya kakompyuta ikapsa bodi ya kakompyutako, iye alibe poyambira. Bodi yake sipezeka ku Ulongué, ndipo ngakhale munthu atadumpha malire pa Calómuè kulowa ku Dedza n'kukafika ku Lilongwe, mwayi woipeza m'sitolo ndi wochepa. Chimene chimamudetsa nkhawa kwambiri ndi magetsi a jenereta, okwera ndi kutsika, omwe apsereza kale maampu ambiri omwe anthu amamubweretsera.

Anyamata akuyankha kuti mkuluyo akuopa chimene sachidziwa, monga momwe ena adaopera kiyibodi pomwe inkalowa m'makwaya, lero ili paliponse. Iwo akuti bola kutchaja batire pamalo odalirika ndi kusailumikiza kujenereta. Akuwerengeranso ndalama: kugula gitala ya bokosi, ya magetsi ndi banjo payokhapayokha kungadye zokolola za zaka zingapo.

Pakati pa mbali ziwirizi pali mfundo imene wogula ayenera kuigwiritsitsa. Magitala oyambirira a Variax adalibe maginito omva nsambo monga a gitala wamba, choncho batire likatha kapena bodi ikafa, chotsala ndi thabwa losalankhula. Kuyambira mu 2010 padabwera ena okhala ndi zonse ziwiri, kakompyuta ndi maginito. Amenewa, kakompyuta kakafooka, amapitiriza kulira ngati gitala ya magetsi ya masiku onse. Kwa woimba wa kumudzi, yemwe ukwati sungamudikire, kusiyana kumeneku ndiye moyo. Yoyambayo ndi yoika munthu pamoto, yachiwiriyo ingathe kubweza ndalama zake. Mnyamata wa paukwati uja adachita mwayi kuti yake ndi yachiwiri, ngakhale adavomera kuti pogula sadadziwe zofunsa zimenezo. Wokonza mawailesi uja atamva izi adangogwedeza mutu, nati akaiona yotsegula ndi maso ake ndiye adzakhulupirira.

Paukwati paja, dzuwa likulowa, jenereta idatha mafuta ndipo bwalo lidangoti zii. Anthu akudikira mnyamata wotumidwa kukagula petulo, kuseri kwa nkhokwe kudamveka kanyimbo. Ana anayi adazungulira mnzawo yemwe ankaliza banjo ya chigubu cha mafuta ophikira, ya nsambo zitatu za waya. Ankayesa kutsanzira sungura yomwe adaimva masana, ndipo pomwe nsambo zake zinkalephera kufika, ankamalizira ndi pakamwa.