Mpira Wamanja Unafikitsa Mwana wa Kumudzi ku Australia

Alipo makolo ku Mitundu ndi ku Nathenje amene amayesa kuti mtsikana wosewera mpira wamanja angotaya nthawi pachabe. Mbiri ya Mwai Kumwenda itiphunzitsa zina.

Mwai anabadwa m'chaka cha 1989, nakulira m'boma la Mzimba, kumene anayamba masewerawa wopanda nsapato, mpira wake uli wa mapepala apulasitiki. M'chaka cha 2014 analowa timu ya Tactix ku New Zealand. Pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Sydney mu 2015 anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse, ngakhale Malawi inathera pa nambala 6. Mu 2017 analowa Melbourne Vixens ku Australia. Anavulala bondo mu 2018, koma anachira, ndipo mu 2020 timu yake inatenga chikho, iye natchedwa katswiri wa masewera otsiriza.

Tsono inu aphunzitsi, m'mera mpoyamba. Lambulani bwalo pasukulu, imikani mitengo iwiri ndi mphete zake, ndipo kambani ndi makolo mofatsa. Mtsikana waluso akaletsedwa lero, lotaya ndi dziko lathu.