Sitiroko ikamabwerezabwereza m'banja limodzi

Bambo, mwana wake kenako mdzukulu akafa ziwalo asanakalambe, anthu amathamangira kuloza chala agogo ena kuti ndi mfiti. Ine ndikuti tiyambe tafunsa za kumtundu. Pali matenda osowa otchedwa CADASIL, amene amawononga timitsempha ta magazi ta muubongo. Kawirikawiri amayamba ndi mutu waching'alang'ala, kenako sitiroko, pamapeto pake kuiwalaiwala. Mu 1996 ofufuza a ku Paris anapeza gwero lake mu jini ya NOTCH3, ndipo kholo limodzi lokha n'lokwanira kupatsira mwana.

Ena anganene kuti kumadera ngati ku Marka, kumene malungo ndi kusefukira kwa madzi sizipatsa anthu mpata, kufufuza zimenezi n'kuwononga ndalama, poti makina a MRI ojambulira ubongo ali kutali ku Blantyre ndipo mankhwala ochiza kulibe. Sindikutsutsa. Koma kafukufuku wa ku Paris uja anayambira pa kulondola mibadwo ya mabanja, ntchito imene mlangizi wa zaumoyo angaigwire ndi kope ndi cholembera, akufunsanso za abale okhala kutsidya kwa malire ku Mozambique. Banja lotere likadziwika, lingachenjezedwe msanga za fodya ndi kuthamanga kwa magazi, zimene zimafulumizitsa sitirokoyo.