Chikhulupiriro cha Mumtima ndi Kaundula wa Mpingo

Masiku apitawa tinali nawo pa maliro a mphunzitsi wina wopuma pantchito m'mudzi wina kufupi ndi Chitakale, m'boma la Mulanje. Malemuwo anaphunzitsa ana kwa zaka zoposa 30, ndipo onse amene anayankhula anachitira umboni kuti anali munthu wosagona asanawerenge Buku Lopatulika, woyendera odwala, ndiponso wolipirira ana amasiye sukulu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Koma nthawi ya mwambo itakwana, akulu a mpingo umene malemuwo anabatizidwamo anakana kutsogolera mapemphero, ati popeza dzina lawo linali litafufutidwa m'kaundula. Iwo anali atasiya kupita kutchalitchi zaka 7 zapitazo, ndipo khadi lawo la zopereka linali losalembedwa. Mphunzitsi mnzawo ndiye anatenga Baibulo lothethekathetheka la malemuwo, nawerenga, napemphera, maliro n'kunyamuka.

Pobwera kumanda anthu anagawikana pawiri. Ena ankati mpingo walakwira munthu wa Mulungu. Ena ankati malemuwo anadzilakwira okha pakuchoka pakati pa anzawo. Dzina la mpingowo sitilitchula, pakuti zotere sizichitika mumpingo umodzi wokha. Chimene tikufuna kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi ogwira ntchito za boma, aganizire mofatsa ndi funso limene linatsala m'mitima ya anthu tsikulo: kodi munthu angathe kukhala Mkhristu woona popanda mpingo, ndipo kodi mpingo uli ndi mphamvu yanji pa chikhulupiriro cha munthu payekha?

Funsoli si lachilendo ku Mulanje, pakuti linabwera pamodzi ndi Chikhristu chenichenicho. Mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa ndi a Church of Scotland m'chaka cha 1876, ndipo podzafika zaka za m'ma 1890 inali itatsegula nthambi yake m'tsinde mwa phiri la Mulanje. M'zaka zomwezo azungu anayamba kubzala tiyi m'bomali, ndipo Alomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzafuna malo ndi ntchito, n'kugwera m'goli la thangata. Kwa anthu ameneŵa mpingo unali khomo lokhalo lolowera kusukulu, chifukwa boma la atsamunda linadzakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mochedwa, mu 1926. Wofuna kudziwa kuwerenga ankayenera kulowa kalasi, kutsata malamulo a mishoni ndi kudikira zaka kuti abatizidwe. Motero chikhulupiriro ndi kaundula zinafika m'midzi yathu zitagwirana manja.

Komabe mishoni yomweyo ndiyo inapereka kwa munthu wamba chida chodziimira payekha. Buku Lopatulika lonse litamalizidwa kumasuliridwa m'Chinyanja mu 1922, ndiponso Chipangano Chatsopano chitatuluka m'Chilomwe mu 1930 mwa khama la Lewis Mataka Bandawe ndi anzake, wothyola tiyi aliyense wodziwa kuwerenga akanatha kukhala pakhonde pake madzulo n'kudziwerengera yekha, popanda mzungu kapena mbusa womutanthauzira. Munthu akayamba kudziwerengera yekha amayambanso kufunsa, ndipo mafunso ake ena amakhudza iwo amene anam'phunzitsa kuwerenga.

Mbiri yatisungira amuna awiri amene anayankha mafunso otere mosiyana. Woyamba ndi Mbusa Harry Kambwiri Matecheta, amene pamodzi ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa mu 1911 monga abusa oyamba achikuda a Mishoni ya Blantyre, ndipo anatumikiranso ku Mulanje. Iwo anakhala m'kati mwa mpingo wolamulidwa ndi azungu, napirira kuchedwa kwa zinthu, mpaka anaona mpingo wa CCAP ukubadwa mu 1924 ndi utsogoleri ukusunthira pang'onopang'ono m'manja mwa eni dziko. Wachiwiri ndi Mbusa John Chilembwe, amene anatsata Joseph Booth, munthu wosakhazikika mumpingo umodzi, napita ku America mu 1897, nabwerako mu 1900. Chikumbumtima chawo chinakana nkhanza za m'minda ya azungu ndi kutengedwa kwa anthu akuda kupita kunkhondo ya 1914, ndipo ataukira boma pa 23 January 1915 anawomberedwa pa 3 February m'dera la Mulanje akuthawira ku Mozambique. John Gray Kufa, mkulu wodalirika wa mpingo wa Blantyre, anatsata chikumbumtima chake kumene mpingo wake sunapite, ndipo naye anaphedwa ndi boma la atsamunda chaka chomwecho.

Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchiona bwino pa nkhani ya Chilembwe. Atapatukana ndi njira za amishoni, iwo sanakadzitsekere m'nyumba n'kumapemphera okha. Anakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, namanga tchalitchi cha njerwa ndi sukulu. Boma linagumula tchalitchicho mu 1915, koma akhristu ake anasunga chikhulupiriro m'nyumba zawo mpaka Dr Daniel Malikebu anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926. Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso pamene gulu la obadwa mwatsopano linakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Achinyamata amene ankati mapemphero a m'matchalitchi akale ndi ozizira anayamba kusonkhana m'nyumba, m'makalasi ndi m'mapiri, ndipo kusamvana kwawo ndi akuluakulu kunakula mpaka ena anatuluka mu Sinodi ya Blantyre n'kuyambitsa Presbyterian Church of Malawi mu 1998. Amene anathawa malamulo ndi maudindo anapezeka akulemba malamulo awo ndi kusankha maudindo awo. Zikuoneka kuti chikhulupiriro chikakhala chamoyo chimafunafuna anzake, ndipo anthu akangosonkhana pamafunika wina wosunga ndalama, wina wolemba maina ndi wina woweruza pakabuka mkangano.

Tisanaweruze iwo amene amati akupemphera kunyumba, ndi bwino timve zifukwa zawo, pakuti zambiri n'zomveka. Amadandaula kuti nthawi yolengeza zopereka, mapuleji ndi mapepala a chitukuko imatalika kuposa ulaliki. Amadandaula kuti wosauka akachimwa amadulidwa msanga, pamene wachuma wochimwa tchimo lomwelo amapatsidwa mpando wakutsogolo. Amadandaula za mikangano yolimbirana maudindo, imene nthawi zina imafika mpaka kubwalo la milandu, ndi za alaliki ogulitsa madzi ndi mafuta kwa odwala amene akanayenera kupita kuchipatala. Mayi wothyola tiyi amene malipiro ake sakwanira ngakhale thumba la feteleza, akamva dzina lake likuwerengedwa pagulu monga wangongole, amachita manyazi, ndipo Lamulungu lotsatira amakhala kunyumba. Munthu wotere sanataye Mulungu. Chimene wathawa ndi manyazi, ndipo mpingo umene sutha kusiyanitsa ziwirizi wayiwala ntchito yake.

Tiyeneranso kuvomera kuti chikhulupiriro chimatha kukhalapo ngakhale nyumba zopemphereramo zitatsekedwa. A Mboni za Yehova analetsedwa m'dziko muno mu 1967 chifukwa chokana kugula makadi a chipani, ndipo mu 1972 zikwizikwi za iwo zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, ambiri n'kukakhala m'misasa ya kufupi ndi Milange, kutsidya kwa Muloza. Chiletsocho chinachotsedwa mu 1993. Kwa zaka 26 analibe nyumba yosonkhanamo poyera, koma sanaleke zimene ankakhulupirira. Kaya munthu agwirizane ndi ziphunzitso zawo kaya asagwirizane nazo, nkhani yawo ikutiphunzitsa kuti palibe ofesi, ya boma kapena ya mpingo, imene ingalowe mumtima wa munthu n'kufufutamo chimene iye wakhulupirira. Komanso tisaiwale kuti anthuwa anapirira chifukwa ankalimbikitsana mobisa. Ngakhale m'nkhalango anali gulu.

Tsono mbali inayo nayo ili ndi umboni wolemera. Chipatala cha Mulanje Mission, chimene chili m'manja mwa Sinodi ya Blantyre, sichinamangidwe ndi munthu wopemphera yekha pakhonde. Sukulu zambiri zimene awerengi athu akuphunzitsamo zinayamba ndi zopereka zomwe zija zimene timadandaula nazo. Pa 8 March 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa tsiku limodzi m'matchalitchi a dziko lonse, kudzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu woyankhula. Anthu ambiri anali nazo kale nkhawazo m'mitima, koma aliyense payekha ankaopa. Mawuwo anamveka chifukwa panali mpingo wadongosolo wotha kuwafikitsa paliponse nthawi imodzi, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023, n'kusiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa m'dziko muno, Mulanje ndi Phalombe anali mwa maboma okhudzidwa kwambiri, ndipo otsala anathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo usiku umenewo denga linali kufunika ndithu.

Palinso ngozi ina imene wopemphera yekha saiona msanga. Munthu amene alibe womudzudzula amayamba kumva mawu a mtima wake n'kumawayesa mawu a Mulungu. Amawerenga ndime zimene zimam'komera, zom'tsutsa n'kuzilumpha. Ana ake amakula osadziwa nyimbo, osadziwa katekisima, osazolowera kukhala pansi ndi anthu osiyana nawo. Iye amakhala ndi chikhulupiriro chimene analandira kwa ena, koma alibe njira yochipatsira kwa obwera pambuyo pake. Baibulo limene mphunzitsi wa ku Chitakale uja ankawerenga usiku uliwonse linamasuliridwa, kusindikizidwa ndi kufikitsidwa m'manja mwawo ndi mipingo, ndipo kuwerengako anakuphunzira pasukulu ya mpingo.

Maganizo athu tsono ndi akuti onse awiri analakwa, koma kulakwa kwa mpingo ndiko kunali kwakukulu. Malemuwo analakwa pochoka mwakachetechete, pakuti munthu wophunzira ndi wolemekezeka monga iwo akanatha kuima pamaso pa akulu a mpingo n'kunena chimene chinawakhumudwitsa, ndipo mawu awo akanathandiza osauka ambiri amene alibe poyankhulira. Mpingo unalakwa koposa chifukwa kwa zaka 7 sunatume munthu ndi mmodzi yemwe kukafunsa chifukwa chake, koma unakumbukira kaundula pa tsiku la maliro, pamene mwini wake sakanathanso kudziyankhira. Chilango cholinga kubweza munthu chimaperekedwa iye ali moyo. Choperekedwa pamaliro chimagwera mkazi wamasiye ndi ana, ndipo chimaphunzitsa mudzi wonse kuti nyimbo za pamaliro n'zogula.

Mipingo ina inaliona kale vutoli. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Akatolika analimbikitsa miphakati, ntchito imene Episkopi Patrick Kalilombe anaigwira mwakhama mu Dayosizi ya Lilongwe, kuti akhristu oyandikana nyumba azipemphera pamodzi ndi kudziwana mavuto. Mipingo ina ili ndi milaga ndi magulu a amayi monga Mvano. Kumene magulu otere akugwira bwino ntchito, munthu sangasowe mwezi wathunthu popanda wina kugogoda pakhomo pake. Tikupempha abusa ndi akulu a mipingo ya m'Mulanje kuti alimbitse magulu ameneŵa, aleke kuwerenga maina a angongole pagulu, ndipo aziulula poyera mmene zopereka zagwirira ntchito, chifukwa munthu woona kumene ndalama yake yapita sapereka monyinyirika.

Kwa aphunzitsi tikuti: m'kalasi mwanu muli ana a mipingo yosiyanasiyana, ana a Chisilamu, ndi ana a makolo amene sapita kulikonse. Malamulo a dziko lino a 1994 amateteza ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo, motero mwana asanyozedwe kapena kuchepetsedwa malikisi chifukwa cha kumene makolo ake amapemphera kapena sapemphera. Phunzitsani mbiri ya Matecheta pamodzi ndi ya Chilembwe, kuti ana adziwe kuti wokhala m'kati ndi wotuluka kunja onse angathe kukhala anthu a chikumbumtima. Kwa ogwira ntchito za boma tikuti: musayese udindo wa kutchalitchi makwerero opezera ulemu, ndipo pogawa thandizo la boma musafunse munthu khadi la mpingo. Kwa mafumu tikuti: manda ndi anu, ndipo ndi udindo wanu kuona kuti aliyense waikidwa mwaulemu.

Kwa iwo amene ali kunyumba ndi Baibulo lawo, atakhumudwa, tikuti madandaulo anu tawamva ndipo ambiri ndi oona. Koma pitani mukawanene kwa eni ake mukadali ndi mpweya. Ngati sakumvani, funani anzanu ena opemphera nawo, monga anachitira makolo athu. Ndipo akulu a mpingo amene ali ndi maina ofufutidwa m'kaundula awerenge mainawo sabata ino, agawane midzi, ayambe kuyenda.