KODI DZINA LAKUTI "MAYI WA GENI" LIDACHOKERA KUTI?

Pamsika uliwonse ndi pa depoti ya basi timapeza amayi atayala tomato, usipa, mandasi ndi zitenje. Tonse timawatchula kuti amayi a geni. Koma ndi angati mwa ife amene adadzifunsapo za gwero la dzinali? Ndikufuna tiganizire limodzi, anzanga owerenga.

Liwu lakuti geni si la makolo athu ayi. Lidachokera ku liwu la Chingerezi lakuti gain, lotanthauza phindu. Tidalipinda kuti ligwirizane ndi lilime lathu, monga momwe bread adasandukira buledi. Choncho kuchita geni ndi kugula katundu ndi kumugulitsanso kuti papezeke kaphindu.

Chimene chimandisangalatsa ndi chakuti geni ali ndi mbale wake, ndiye ganyu. Liwu limeneli lidachokera ku Chipwitikizi, ganho, lomwenso tanthauzo lake ndi phindu kapena chimene munthu wapata. Mpaka lero ku Mozambique ntchito yolipidwa patsiku amaitchula kuti ganho-ganho.

Ngakhale mau awiriwa ndi apachibale, kwathu kuno adasiyana njira. Waganyu amagulitsa mphamvu zake m'munda wa mwini, nalandira zimene adapangana. Mayi wa geni alibe bwana. Mpamba ndi wake, amalawirira yekha kukapikula katundu, amaika yekha mtengo, ndipo tomato akaola palibe womubwezera ngakhale tambala. Munthu wotere ndi mwini bizinesi weniweni.

Nanga bwanji mwini sitolo timamupatsa ulemu, koma tikati "wa geni" timanena monyoza? Kusiyana kwawo ndi kukula kwa mpamba basi. Mu 1990 Mayi Joyce Banda adayambitsa bungwe la National Association of Business Women kuti amayi ochita malonda azipeza maphunziro ndi ngongole zokulitsira mpamba. Mayi omwewa adadzakhala mtsogoleri wa dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014.

Akuluakulu adati pang'onopang'ono ndi mtolo. Fizi, yunifolomu ndi sopo za ana asukulu ambiri zimachokera m'kandalama komangidwa pansonga ya chitenje. Tsono tikamatchula dzinali tizikumbukira kuti tikunena kuti "mayi wa phindu," ndipo tikamagula tisanenerere mtengo mpaka kumudyera mpamba.