Kusamala Magetsi m'Nyumba za Boma

Aphunzitsi ndi ana a sukulu nonse a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi: Lero tiphunzira za magetsi amene amagwira nchito m'nyumba za boma, monga maofesi a pa Boma, makhoti, zipatala ndi masukulu. Funso lathu nali: kodi nyale yosiyidwa ciyakire mu ofesi yokhoma imaononga cuma ca yani?

Kuti tiyankhe bwino, tiyambe taona kumene magetsi amacokera. Magetsi ambiri a m'Zambia amapangidwa ndi mphamvu ya madzi. Damu la Kariba, limene linatha kumangidwa mu 1959, linachinga mtsinje wa Zambezi. Madzi ake akamatsika mwaliwiro m'mipope ikuluikulu amazungulitsa makina, makinawo napanga magetsi. N'cimodzimodzinso pa Kafue Gorge. Kampani ya ZESCO, imene inakhazikitsidwa mu 1970, ndiyo imayendetsa magetsi pa mawaya, kudutsa mapiri ndi zigwa, kufikira kuno kum'mawa. Motero tinganene kuti nyale iliyonse yoyaka pa Boma la Katete ikumwa madzi a m'damu lakutali.

Zimenezi zinaonekera poyera mu 2024. Mvula inakana, cimanga cinauma m'minda, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anaphwera kwambiri, kotero kuti pofika Okutobala makina amodzi okha mwa asanu ndi amodzi a ku tsidya la Zambia ndiwo anali kuzungulira. M'madera ambiri magetsi anali kuzima maola okwana 21 pa tsiku. Zigayo zinaima, owocherera zitsulo anasowa cocita, ana nawerenga ndi makandulo. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka. Magetsi otayika nawonso sabwerera ku damu.

Nanga n'cifukwa ciani tasankha nyumba za boma? Kunyumba kumene kuli mita yogulira mayuniti, amai amayang'ana manambala akutsika, ndipo mwana akasiya nyale ciyakire amadzudzulidwa pomwepo. Koma ku ofesi zinthu n'zosiyana. Kalaliki aweruka poganiza kuti mesenjala adzazimitsa. Mesenjala ayesa kuti imeneyo ndi nchito ya mlonda. Mlonda naye alibe makiyi a m'kati. Pajatu njuci zikaculuka siziika. Komabe magetsiwo adzalipiridwa, ndipo ndalama zake zidzacokera m'misonkho ya makolo athu, ndiye m'thumba lomwelo logulira coko, mabuku ndi mankhwala. Nyumba ya boma ili ndi eni ake, ndiwo ife tonse.

Tsopano tengani mapensulo, ticite masamu. Mphamvu imene cinthu cimadya imayesedwa m'mawati, ndipo nambala yake imalembedwa pa babu kapena pansi pa ketulo. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 ogwira nchito kwa ola limodzi. Tiyerekeze kuti kalaliki waiwala kuzimitsa babu la mawati 60 poweruka pa Cisanu nthawi ya 17 koloko, ndipo abwera Lolemba nthawi ya 8 koloko. Pakatipo papita maola 63. Tikaculukitsa 63 ndi 60 tipeza 3,780, ndiye kuti mayuniti pafupifupi anai atha poŵalitsira mipando ndi mafayelo. Limeneli ndi babu limodzi cabe. Taganizani kuculuka kwa zipinda za m'maofesi a maboma athu atatu!

Njira yoyamba yosamalira magetsi, tsono, siilira ndalama konse: wotuluka pomaliza azimitse. Njira yaciŵiri ndiyo kusintha mababu. Babu lakale lija la kawaya m'kati limasandutsa magetsi ambiri kukhala kutentha, kuŵala kwake n'kukhala kocepa. N'cifukwa cake limaocha munthu akalikhudza. Mu 2016 boma linaletsa kuloŵetsa mababu otere m'dziko muno. Babu la LED la mawati 9 limaŵala pafupifupi cimodzimodzi ndi lakale la mawati 60. Ofesi ya mababu akale khumi, oyaka maola 8 pa tsiku, imadya mayuniti 4.8, itaika a LED idzadya 0.72 cabe. Pa masiku 22 a nchito m'mwezi, mayuniti opulumuka ayandikira 90. Babu la LED lingakwere mtengo pogula, koma limakhalitsa, ndipo limabweza ndalama zake mwa magetsi amene lapulumutsa.

Komatu mbala zazikulu za magetsi si nyale ai, koma zinthu zotenthetsa. Ketulo imodzi imadya mawati pafupifupi 2,000, kuposa mababu a LED mazana aŵiri oyaka pamodzi. Wofuna kapu imodzi ya tiyi asadzaze ketulo yonse. Giza lotenthetsa madzi usiku wonse m'nyumba yopanda munthu limangodya ndalama. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, juzi yabwino iposa cotenthetsera m'cipinda coyatsidwa zitseko zili pululu. Makompyuta ndi makina osindikizira azizimitsidwa pa khoma pomwe poweruka. Koma cenjerani: filiji yosungira katemera ku cipatala siyenera kuzimitsidwa konse, pakuti katemera wambiri amafuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kusamala magetsi ndiko kuzimitsa zosafunika kuti zofunika zipitirize kugwira nchito.

Kamangidwe ka nyumba nakonso kali ndi mbali yake. Dziko lathu lili ndi dzuŵa lambiri, koma m'maofesi ena makatani amakhala otseka masana onse, nyale zili kuyaka. Mazenera oyera ndi makoma opakidwa laimu amaloŵetsa ndi kufalitsa kuŵala kwaulere. Nyumba ya malata yopanda siling'i imasanduka ng'anjo mwezi wa Okutobala, anthu nayatsa mafeni tsiku lonse. Siling'i, khonde lalikulu ndi mitengo yamthunzi yobzalidwa kumadzulo kwa nyumba zimacepetsa kutenthako. Makolo athu anadziŵa nzeru imeneyi kalekale: denga la udzu ndi khonde lozungulira zinali kusunga nyumba yozizira popanda makina ena aliwonse.

Ena mwa inu mukuti, "Kusukulu kwathu mawaya sanafike, tili ndi sola cabe." Phunziroli ndi lanu makamaka. Batire la sola lili ngati mtsuko: mumatunga zokhazo zimene dzuŵa linathiramo masana. Mukaononga madzulo, usiku mudzakhala mumdima. Pukutani fumbi pa magalasi a sola, makamaka m'cilimwe, pakuti galasi lafumbi silikola bwino mphamvu ya dzuŵa.

Aphunzitsi, nayi nchito ya sabata ino. Yendani ndi ana m'zipinda zonse za sukulu, muŵerenge mababu ndi zinthu zina za magetsi, ndi kulemba mawati ake. Ana asakhudze mawaya kapena kutsegula bokosi la mita. Munthu wamkulu ndiye aŵerenge manambala, iwo azilemba. Ŵerengani mita pa Cisanu poweruka, muŵerengenso Lolemba m'maŵa. Kusiyana kwa manambala aŵiriwo kudzakuuzani magetsi amene anatha sukulu ili yotseka. Funsani anawo kuti anadya magetsiwo ndani. Pambuyo pake kalasi iliyonse isankhe kapitao wa magetsi, wozimitsa nyale ndi kukanena kwa aphunzitsi aakulu akaona swichi yoonongeka. Patatha mwezi mudzaŵerengenso mita, ndi kulinganiza ndi manambala oyamba aja.

Inu ana, ena mwa inu mudzakhala makalaliki, anamwino ndi akuluakulu a maofesi ameneŵa. Dzanja lozoloŵera kuzimitsa nyale ya m'kalasi lidzazimitsanso ya mu ofesi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira, tsalani bwino.