Magazini Imene Inapitirira Seŵero Litaleka

Ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, akuluakulu amakumbukirabe masiku amene banja lonse linkazungulira wailesi kumvera seŵero la Kapalepale. Nthaŵi imeneyo kuno ku Malaŵi kunalibe wailesi ya kanema, pakuti inayamba m'chaka cha 1999. Koma ku Mangalande anthu ankasonkhana chimodzimodzi Loŵeruka lililonse madzulo kuti aonere seŵero lotchedwa Doctor Who, limene BBC inaliyamba pa 23 Novembala, 1963.

Seŵeroli ndi nthano yopeka yokhudza za sayansi. Mwini nkhani ndi mlendo wochokera ku dziko lina la kuthambo, amene amayenda m'zaka zakale ndi zam'tsogolo atakwera chombo chooneka ngati kanyumba kabuluu ka apolisi. Woseŵera wake akatopa, nthano imati Dokotalayo wasintha thupi, ndipo wina amaloŵa m'malo.

Mu Okutobala 1979 kampani ya Marvel UK inatulutsa magazini ya seŵeroli, yotchedwa Doctor Who Weekly, ndipo mkonzi wake woyamba anali Dez Skinn. Poyamba inali ya ana, yodzala ndi nkhani zojambula, ndipo pachikuto panali Tom Baker, amene anali Dokotala masiku amenewo. M'chaka cha 1980 inayamba kutuluka kamodzi pamwezi, ndipo pang'onopang'ono inasanduka ya achikulire omwe.

Omvera angafunse kuti kodi phindu la magazini yotere linali chiyani? Masiku amenewo makina ojambulira kanema anali m'nyumba zoŵerengeka, ndipo BBC sinkabwereza kaŵirikaŵiri zigawo zakale. Choipa kwambiri nchakuti zigawo zambiri za m'zaka za m'ma 1960 inali itazifufuta kapena kuzitaya. Tsono mwana wobadwa mochedwa sakanadziŵa mmene nthanoyo inayambira. Magaziniyi ndiyo inakhala nkhokwe: inkafotokoza nkhani zakale, kusindikiza zithunzi zotsala, ndiponso kufunsa olemba ndi oseŵera asanamwalire.

Mayeso aakulu anafika m'chaka cha 1989, pamene BBC inaleka seŵeroli. Kaŵirikaŵiri magazini yotere imafa pamodzi ndi seŵero lake, koma iyi sinatero. Kwa zaka 16, kupatula kanema mmodzi wa 1996, panalibe zigawo zatsopano, komabe oŵerenga anapitiriza kuigula. Akonzi anafukula mbiri ya chigawo chilichonse mosamala, ndipo ojambula anapitiriza maulendo a Dokotala papepala. Mkati mwa zaka zimenezi magaziniyi inapita m'manja mwa kampani ya Panini.

Seŵeroli linabwerera m'chaka cha 2005 motsogozedwa ndi Russell T Davies, amene nayenso anali woŵerenga magaziniyi. Pambuyo pake a Guinness World Records anailemba kuti ndiyo yakhalitsa kuposa magazini zonse za maseŵero a pa kanema. Afrika nayo ili ndi gawo lake m'mbiriyi: m'chaka cha 2013 kunalengezedwa kuti zigawo 9 zotayika zapezeka mumzinda wa Jos ku Nigeria, kumene zinatsalira BBC itazigulitsa kale.

M'chaka cha 2023 zinthu zinatembenuka. Nkhani yojambula yotchedwa The Star Beast, imene inatuluka m'magaziniyi mu 1980, inatengedwa nikhala chigawo cha pa kanema. Chaka chomwecho udindo wa Dokotala unapita kwa Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda.