Goli la ng'ombe likupweteka abulu a ku Mitundu

Mvula ikangokata mu Epulo, misewu yochokera m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama imadzaza ndi ngolo. Chimanga, mtedza, soya ndi nkhuni zimalowera ku msika wa Mitundu, zina n'kutsikira ku Nathenje pa msewu wa M1. Ngolo zambiri zimakokedwa ndi abulu awiriawiri amene akhala miyezi ingapo akungodya msipu, poti nthawi ya dzinja matope salola. Sipapita masabata ambiri, ubweya wa pakhosi pawo umasosoka, kenako pamabuka zilonda zimene ntchentche sizichokapo.

Anyamata oyendetsa ngolo akaona bulu akukana kuyenda amangoti wayamba makani, ndipo mankhwala ake amakhala chikwapu. Chonsecho vuto lili pa goli.

Goli adalipangira ng'ombe. Ng'ombe zathu za Malawi Zebu zili ndi linunda, khosi lalifupi ndi chikopa chochindikala, motero mtengo umatsamira bwino kutsogolo kwa linundalo. Bulu alibe linunda. Khosi lake ndi lalitali, ndipo mphamvu zake zokokera zili pachifuwa ndi m'mapewa. Mukam'mangirira pa goli, kulemera kwa mtengo wapakati wa ngolo kumagwera pakhosi. Potsetsereka ngolo imakankhira goli kumakutu. Pokwera chitunda, katundu akapendekera kumbuyo, chingwe cha m'munsi chimam'kanyanga pammero. Choipa n'chakuti bulu ndi nyama yopirira, saonetsa ululu msanga. Pomwe mwini wake azidzazindikira, chilonda chimakhala chitazama kale.

Kupuma nako kumasintha thupi. Oweta mahatchi, monga a ku Kande kapena pa phiri la Zomba, amadziwa kuti hatchi ikakhala osakweredwa, minofu ya pamsana imaphwa, mimba n'kukula, ndipo chishalo chimene chinkakwana chaka chatha chimayamba kutsina. Akachivula amayang'ana thukuta: malo ouma pakati pa ubweya wonyowa ndiye kuti pamenepo chikupana kwambiri. Ubweya woyera womera pamsana umasonyeza pamene panapanidwa kale. Ndipo hatchi imene yakhala ikupuma saithamangitsa tsiku loyamba, amayamba n'kuiyendetsa pang'onopang'ono kwa masabata angapo.

Bulu wa ku Mitundu sasiyana ndi hatchiyo, kungoti iye palibe amam'patsa masabata amenewo. Khungu lafewa ndi kupuma, koma lero ndi lero am'senzetsa ngolo yodzaza matumba, ulendo wa dzuwa lonse. Mu Okutobala ndi Novembala zimatembenuka: msipu watha, nyama yaonda, mafupa ali pamtunda, goli lomwe lija likungogwedera n'kumakhula. Mvula yoyamba ikanyowetsa khungu, kunyuka kumachita kufulumira.

Chimene chimathandiza sichodula. Bulu amafuna lamba wotambalala wodutsa pachifuwa, wokutidwa ndi nsalu yofewa, ndi kachishalo ka pamsana kosenza kulemera kwa ngolo, kopangidwa mwakuti kasakhudze fupa la msana. Pamafunikanso lamba wa kumbuyo wogwira ngolo potsetsereka. Telala wa pamsika akhoza kusoka zonsezi ataonetsedwa kamodzi. Kukulunga goli ndi thumba la feteleza, monga ambiri amachitira, n'kungodzinamiza: pulasitiki imasunga thukuta ndipo imapala khungu. Bungwe losamalira nyama la LSPCA la mumzinda wa Lilongwe lakhala likuphunzitsa eni abulu m'bomali za zomangira zoyenera, ndipo sukulu ya zaulimi ya Bunda ili pakhomo pa Mitundu pomwepa. Nzeru sizili kutali, koma goli la ng'ombe likadali paliponse, chifukwa ndi limene amisiri a m'midzi adazolowera kusema.

Pa zilonda mposavuta. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka amangowotcha mnofu. Tsukani ndi madzi oyera othira mchere pang'ono, tetezani ku ntchentche, ndipo nyamayo isamangidwe mpaka papole. Chilonda chikatupa kapena kutulutsa mafinya, itanani mlangizi wa ziweto.

Inu eni ngolo, kukolola kusanafike pachimake, yambani ndi maulendo aafupi ndi katundu wochepa. Madzulo aliwonse mukamasula abulu, pititsani dzanja pakhosi, pachifuwa ndi pamsana. Pamene patentha, patupa kapena bulu akuzinda mukakhudza, konzani chomangiracho musanamangenso mawa.